Nesi watsopano musamutumize yekha mmakomo

Anzanga amene mumalandira manesi ongomaliza kumene sukulu nkuwaika pa ntchito yoyendera odwala mmakomo, chonde musamangowapatsa chikwama tsiku loyamba nkuwauza kuti pitani mukaone. Satifiketi ali nayo inde, jakisoni amabaya bwinobwino, koma zonsezo anaphunzirira ku wodi komwe ukakaika umangotembenuka nkufunsa mnzako, adotolo ali pafupi, okosijeni naye ali pompo. Kunyumba kwa wodwala kuli iyeyo, wodwalayo, achibale ndi foni basi.

Patricia Benner, katswiri wa maphunziro a unamwino, anafotokoza mu 1984 kuti namwino amadutsa masitepe asanu kuti afike pokhala katswiri, ndipo wongomaliza sukulu amakhala ali pa sitepe yachiwiri, malamulo amawadziwa koma kusankha choyamba nchiti zinthu zikachuluka sanafikepo. Ndiye yambani nkuyenda naye iye azingoona, kenako azigwira yekha inu muli phee pambali, osamulanda ntchito mmanja pokhapokha wodwala ali pachiopsezo, zolakwikazo mukamuuze mwatuluka osati pamaso pa achibale. Mukakhutira mpamene mumupatse odwala ake, muyambire amene matenda awo akhazikika.

Za chikwama mumuphunzitse msanga. Chisamakhale pansi kapena pabedi la wodwala, ayale pepala loyera patebulo nkuchiika pamenepo, ndipo asapisemo dzanja asanasambe. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati ndi sopo kusamba kutenge masekondi 40 mpaka 60, ndi sanitaiza 20 mpaka 30. Kabokosi kotayamo singano kasamasowe.

Koma chachikulu ndi maso. Nesiyo awauze achibale abweretse mankhwala onse ali mnyumbamo, akale, ogula okha, ochokera kuchipatala china, onse patebulo, chifukwa nthawi zambiri mupeza munthu akumwa mankhwala amodzimodzi kawiri poti mapaketi ndi osiyana maina, kapena insulin, mankhwala obaya a shuga aja, ili pawindo padzuwa. Awerenge mapilitsi otsala, amenewo ndi amene amanena zoona ngati munthu akumwa kapena ai. Wodwala wongogona amutembenuze ndithu, aone kumunsi kwa msana, mchiuno ndi zidendene, ndipo apa manesi atsopano ambiri amaphonya chifukwa amafuna kuona kufiira monga pa zithunzi za mmabuku, pamene pakhungu lakuda chilonda chikamayamba malowo amangoda kuposa pena, amatentha kapena kuuma gwa, ndiye agwire ndi dzanja osangoyang'ana. Achibale awauze za kumutembenuza maola awiri alionse.

Mumulembere kakhadi koyenda nako ka zinthu zoti akaona asadikire. Munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi, akafika 25 aimbe foni. Shuga wa mmagazi akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, okosijeni wa mmagazi pansi pa 90 peresenti, kamwa yapotoka, mkono wafooka mwadzidzidzi kapena mau sakumveka bwino, zimenezo nzachangu. Agogo amene dzulo amacheza bwino lero asokonezeka mutu, nesiyo asangoti ndi ukalamba, kawirikawiri pamakhala matenda, mwina a mkodzo kapena chibayo. Ndipo muyeserere naye kaimbidwe ka foniko, anene vuto nchiyani, mbiri ya wodwala mwachidule, wapeza chiyani, akupempha chiyani, ija amati SBAR. Akaimba pa nkhani yaing'ono musamukalipire ai, mukatero tsiku la nkhani yaikulu adzaopa kuimba ndipo wovutika adzakhala wodwala uja.

Nesi amakhala pakhomopo mwina ola limodzi, maola ena onsewo wosamalira ndi wachibale. Ndiye kufunsa kuti mwamva sikuthandiza, aliyense amayankha kuti eya. Azinena kuti mayi tandionetseni mmene mutsukire balali mawa ine kulibe, aone ndi maso ake, akonze pomwepo mwaulemu. Akumbukire kuti ndi mlendo, nyumba si yake, kusuntha mpando kapena kuchotsa kapeti yopunthwitsa ayambe wapempha kaye.

Chitetezo chakenso musachiiwale, ku ofesi azidziwa wapita khomo liti ndipo abwerako nthawi yanji, foni ikhale yotchaja, akapeza munthu woledzera kapena waukali atuluke, lipoti alemba ali kunja. Lipotilo lizilembedwa tsiku lomwelo osadikira mawa.

Madzulo pezani kanthawi mukhale naye pansi, mumufunse chamuvuta lero nchiyani, makamaka sabata imene wodwala wake woyamba wamwalira, chifukwa kunyumba nesi amazolowerana kwambiri ndi banja ndipo imfa imeneyo imamupweteka kuposa ya ku wodi. Ulendo wotsatira ku khomo la wodwala kwambiri mupitenso naye limodzi.