Sikirini Ikada Mutangoyika Windows pa Laputopu Yakale

Malaputopu ambiri omwe ali m'manja mwa aphunzitsi, ophunzira ndi eni timashopu pa Kasungu boma ndi akaunjika: Dell Latitude E6420, HP ProBook 6460b, Lenovo ThinkPad T420, makina a m'ma 2011 omwe anabwera ndi Windows 7. Mukawafomata n'kuyikamo Windows 10, nthawi zambiri chovuta chimatulukira pa sikirini. Zilembo zimatupa, nkhope pa zithunzi zimatambalala, mabatani oonjezera kuwala sagwira, vidiyo imayenda modumphadumpha. Pena chizindikiro cha Windows chimaoneka bwinobwino, kenako mdima bii, fani ikungolira.

Musanathere bandulo pa ma driver (timapulogalamu tothandiza Windows kuyendetsa zipangizo za m'kompyuta), tsimikizani kuti vuto silili m'chitsulo. Yatsani makina n'kulowa mu BIOS, menyu ya makina yomwe imatseguka Windows isanayambe: F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad. BIOS siidalira driver wa Windows, choncho ngati zolemba zake zikuoneka zoyera, chip cha graphics (chomwe chimapanga zithunzi) ndi sikirini zili moyo. Mukaona mizere yoyima kapena mitundu yosokonezeka muli mu BIOS momwemo, lumikizani monitor ina pa VGA, polowetsa chingwe cha monitor. Monitor ikaonetsa bwino, chadwala ndi sikirini kapena lamba wake wodutsa pa hinji. Ikaonetsanso mizere yomweyo, chip cha graphics chatha, ndipo palibe driver amene angachidzutse. Matenda amenewa ndi odziwika pa makina a NVIDIA GeForce 8400M ndi 8600M, monga HP Pavilion dv6000 ndi Dell XPS M1330, chifukwa chipcho chimasiyana ndi bodi chikamatentha n'kuzizira kawirikawiri. Ngati sikirini yada koma mukaunika ndi tochi ya foni pafupi mukuona zithunzi mozilala, vuto lili pa nyali ya kuseri kwa sikirini kapena zoipatsa magetsi.

Ngati BIOS ili bwino koma Windows ikuda, yambani ndi zing'onozing'ono. Dinani mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi kuti driver adzuke kachiwiri. Yesaninso Windows ndi P, chifukwa nthawi zina chithunzi chimatumizidwa ku monitor yomwe kulibe. Zikakanika, lowani mu Safe Mode, momwe Windows imayaka ndi zofunikira zokha. Pa Windows 7 ndi F8 poyatsa. Pa Windows 10 thimitsani makina ndi batani loyatsira katatu motsatizana pamene chizindikiro cha Windows chaoneka, mpaka Automatic Repair ibwere, kenako tsatirani Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, n'kudina 4. M'menemo Windows imagwiritsa ntchito driver wake wamba, ndiye chithunzi chimabwerera.

Tsopano pezani dzina lenileni la chip. Apa ndi pomwe ambiri amasochera, chifukwa amadalira dzina lolembedwa pa chivundikiro, pomwe E6420 ina ili ndi Intel yokha, ina ili ndi Intel ndi NVIDIA NVS 4200M. Tsegulani Device Manager, mndandanda wa zipangizo za kompyuta mu Windows, pitani pa Display adapters. Mukapeza Microsoft Basic Display Adapter, kapena Standard VGA Graphics Adapter pa Windows 7, ndiye kuti driver weniweni mulibe. Dinani kawiri pamenepo, sankhani Details, kenako Hardware Ids. Nambala yotsatira VEN ikuuzani wopanga: 8086 ndi Intel, 10DE ndi NVIDIA, 1002 ndi AMD kapena ATI. Yotsatira DEV ndi mtundu wa chip: 2A42 ndi GMA 4500MHD ya makina a Core 2 Duo, 0116 ndi 0126 ndi HD Graphics 3000, 0166 ndi HD Graphics 4000. Lembani nambalazi pa pepala. Onaninso pa System ngati Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit, pakuti driver wa ina salowa mwa inzake.

Driver woyamba kumufuna ndi wa kampani yomwe inapanga laputopuyo, pogwiritsa ntchito Service Tag ya Dell kapena product number ya HP yomwe ili kunsi kwa makina kapena mukachotsa batire. Musadabwe mukapeza kuti pa tsamba lawo mulibe driver wa Windows 10. Intel inayambira pa HD 4000 kuthandiza Windows 10 mokwanira, ndipo HD 3000 ndi GMA 4500MHD zinatsala. Komabe Windows Update imakhala ndi driver wakale wa HD 3000 yemwe amagwira ntchito bwino ndithu. Vuto ndi loti ambiri timalumikiza intaneti kudzera pa hotspot ya foni, ndipo ngati yaikidwa ngati metered connection (intaneti yoyenera kusunga bandulo), Windows siidawuniloda ma driver. Tsegulani Download over metered connections pansi pa Settings, Devices, driver alowe, kenako mutsekenso kuti bandulo isapite ndi mphepo.

Driver wa Windows 7 kapena 8 akakana ndi uthenga woti kompyuta siikukwaniritsa minimum requirements, musataye mtima. Chikukana ndi pulogalamu yoyikira chabe. Masulani fayiloyo ndi 7-Zip, bwererani mu Device Manager, sankhani Update driver, Browse my computer, Let me pick, Have Disk, n'kuloza fayilo yothera ndi .inf, yomwe pa Intel imakhala mu foda ya Graphics. Ngati munayesapo kale ma driver awiri atatu, yambani mwasesa zotsalira ndi Display Driver Uninstaller muli mu Safe Mode, intaneti yothimitsa. Mapulogalamu olonjeza kuyika ma driver onse nthawi imodzi, omwe amayenda pa mafulashi kuchoka shopu ina kupita ina, asiyeni. Amasankha driver mongoganizira ndipo amalowetsa zinyalala zina zolemetsa makina.

Makina a ma chip awiri ndiwo amavutitsa kwambiri. Yikani driver wa Intel poyamba, yatsaninso makina, kenako wa NVIDIA. Pa HP Pavilion g6 ndi dv6 za Intel ndi AMD Radeon, tengani phukusi la HP lomwe lili ndi onse awiri pamodzi, chifukwa driver wa AMD yekha nthawi zambiri amabweretsa mdima kapena Code 43, uthenga wa Device Manager woti chip chaimitsidwa. Kwa munthu wongolemba pa Word ndi kuonera vidiyo, njira yabwino ndi kuthimitsa chip chachiwiricho. Pa ThinkPad T420 lowani mu BIOS, Config, Display, muyike Graphics Device pa Integrated. Makina amazizira ndipo batire imakhalitsa. Pomwe BIOS ilibe mwayi umenewu, dinani Disable device pa chip cha AMD kapena NVIDIA mu Device Manager.

Zonse zikakhala bwino, Windows Update ikhoza kubwera usiku n'kusintha driver uja. Mukadzaona mdima wabwerera, gwiritsani ntchito Roll Back Driver mu Device Manager kuti mubweze driver wakale, kenako pa Device Installation Settings musankhe No.

Sikirini yabuluu yolembedwa VIDEO_TDR_FAILURE imatchula fayilo yolakwa: igdkmd64.sys ndi Intel, nvlddmkm.sys ndi NVIDIA, atikmpag.sys ndi AMD. Ikamabwera makina atagwira ntchito mphindi khumi kapena makumi awiri, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, ikani dzanja potulukira mpweya. Fumbi la kuno limaumbika ngati thonje pakati pa fani ndi timalata ta heatsink, chitsulo chochotsa kutentha pa chip. Tsegulani, chotsani ndi burashi yofewa, pukutani thermal paste (phala lopakidwa pakati pa chip ndi heatsink) wakale wouma, pakani watsopano wochepa ngati njere ya mpunga. Ndipo ngati batire inafa, musayambe kuyika driver nthawi yomwe magetsi amakonda kuthima, pakuti akaduka pakati mudzayambiranso ku Safe Mode.

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 Januwale 2020 ndi Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (chip cha chitetezo) ndi graphics za DirectX 12, zomwe makina a 2011 alibe. Ndi chifukwa chake Linux Mint ya Xfce, yomwe imayikidwa m'malo mwa Windows, ikuyenera kuganiziridwa, popeza driver wa Intel amabwera ali kale m'kati. Sikirini ikada poyamba, makamaka pa NVIDIA, dinani e pa menyu ya GRUB yomwe imaoneka poyatsa Linux, lembani nomodeset patsogolo pa quiet splash, n'kudina F10. Mukamaliza kuyika, tsegulani Driver Manager muone ngati pali driver woyenera chip chanu. Ngati palibe, khalani ndi driver yemwe alimo kale (pa NVIDIA amatchedwa nouveau), ndipo muyatsenso makina popanda nomodeset, apo ayi sikirini ya 1366x768 ikhoza kukakamira pa 1024x768.