Mwapeza ampulifaya yakale ya gitala ya mavalavu yopanda dzina? Yambani chonchi

Mwezi wathawu mnzanga wa ku Luchenza anandibweretsera chibokosi chakuda chimene anachipeza m'chipinda cha malemu agogo ake, omwe anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni. Dzina linali litafufutika, nsalu yakutsogolo kwa sipika makoswe anali atadya, koma kumbuyo kunali mavalavu anayi agalasi ataima ngati timabotolo ta mankhwala. "Achimwene, tailumikizeni timve ngati ikulira," anatero. Ndinakana, chifukwa ampulifaya imene yakhala zaka zambiri osayaka imatha kupsa m'masekondi ochepa, ndipo chimodzi mwa zimene zingapse ndi thiransifoma, chinthu chovuta kwambiri kuchipeza kuno kwathu.

Choyamba ndi kuiwerenga. Masulani chitseko chakumbuyo, jambulani chilichonse ndi foni musanakhudze waya uliwonse, kenako onani zolembedwa pa mavalavu. Mukaona ECC83, EL84, EL34 kapena EZ81, amenewo ndi maina a ku Ulaya, makamaka ngati pali chizindikiro cha kampani ya Mullard. Mukaona 12AX7, 6V6, 6L6 kapena 5Y3, ndi a ku America. Ya mnzangayu inali ndi ECC83 imodzi, ma EL84 awiri ndi EZ81, zomwe zimapatsa mphamvu ya mawati pafupifupi 15. Pa zokhotetsa za voliyumu kumbuyo kwake kumakhala manambala. Pa zopangidwa ku America, 137 amatanthauza kampani ya CTS, ndipo 1376512 ndiye kuti zinapangidwa sabata ya 12 m'chaka cha 1965. Pa sipika, 220 ndi kampani ya Jensen. Dzina la ampulifaya mwina simulipeza, koma zaka zake ndi dziko lake mukhoza kuzidziwa.

Apa ndi pamene pali nkhani ya moyo. Magetsi athu a ESCOM ndi 230V. Ampulifaya ya ku America inapangidwira 117V kapena 120V, choncho imafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu. Yang'ananinso ngati mkati muli thiransifoma yaikulu ya magetsi. Tiampulifaya tina totchipa ta kale, tokhala ndi mavalavu ngati 35W4 ndi 50C5, tinalibe thiransifoma imeneyi, ndipo chitsulo chake chimatha kukhala ndi magetsi amene amafika mpaka pa zingwe za gitala. Yotereyi musaigwiritse ntchito mpaka katswiri atayikamo thiransifoma yopatula magetsi.

Makapasita aakulu, tizipangizo tooneka ngati tizitini m'kati mwa ampulifaya, amasunga magetsi a 300V mpaka 500V ngakhale pulagi itazulidwa. Tengani rezisita ya 100k ya mawati 5, muilumikize ndi zomangira pakati pa mwendo wa + wa kapasita ndi chitsulo cha ampulifaya, dikirani, kenako yezani ndi mita yoyezera mavoti mpaka ionetse pansi pa 10V. Dzanja limodzi likhale m'thumba nthawi zonse. Ngati simunagwirepo ntchito ya magetsi, gawo ili lisiyireni amene amakonza mawailesi.

Tsopano kutsuka. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje chinyezi ndiye mdani wamkulu. Chiperoni chikabwera m'miyezi yozizira, zonse zimanyowa, ndipo m'chibokosi cha mnzangayu ndinapezamo nkhungu, mazira a mphemvu ndi chisa chadothi cha mavu chitamatirira pa thiransifoma. Ndinachotsa ndi burashi yofewa, ndinapukuta miyendo ya mavalavu ndi masoketi ake ndi mankhwala otsukira zamagetsi, kenako ndinaisiya pamalo ouma masiku atatu. Musaiumike pamoto.

Zosintha ndi izi: makapasita onse aakulu, chifukwa akakalamba amauma mkati ndipo ndi amene amabweretsa kulira kuja kwa "hmmm", komanso timakapasita tapepala timene tikuoneka totupa kapena tonona. Gulani a mphamvu yofanana kapena yoposa mavoti olembedwapo, ndipo samalani mbali ya + ndi -. Waya wakale wamapazi awiri muuchotse, muike wamapazi atatu, waya wa earth muumange pa chitsulo ndi bawuti. Fyuzi ikhale ya mlingo wolembedwa, osati chidutswa cha waya monga ena amachitira. Mavalavu musathamangire kuwataya, ambiri akale amakhala akugwirabe ntchito bwino.

Poyatsa koyamba, sipika ikhale yolumikizidwa, chifukwa ampulifaya ya mavalavu ikayaka popanda sipika imatha kuwononga thiransifoma yotulutsira mawu. Lumikizani babu lakale lija la ulusi mkati, la mawati 60 kapena 100, pa waya wamoto kuti magetsi adutse m'babumo asanafike mu ampulifaya. Likawala pang'ono kenako n'kuzilala, zili bwino. Likangowala kwambiri osazilala, zimitsani msanga, pali pamene waya wagundana. Babu la LED siligwira ntchito imeneyi.

Ya mnzangayu babu linazilala, timaulusi ta mkati mwa mavalavu tinayamba kuyaka pang'onopang'ono, ndipo patatha masekondi 30 tinamva kaphokoso kochepa m'sipika. Ndinaisiya ikuyaka theka la ola ndikununkhiza ngati pali chopserera ndi kuyang'ana ngati chitsulo chamkati mwa ma EL84 chikufiira, chomwe ndi chizindikiro choipa. Panalibe. Mnzangayu analumikiza gitala yake ya kutchalitchi, ndipo tinagwirizana kuti aziisunga pa shelefu kutali ndi khoma, aziiyatsa kamodzi pamwezi kuti chinyezi chisamangemonso nyumba.