Wodwala wanu amuika diripi? Ntchito yanu inu gadiyani ndi iyi

Sipadutsa usiku m'wodi popanda gadiyani wondikodola, "a nesi, botololi likuchedwa, tatsegulaniko lithe msanga mayi apeze mphamvu." Ena safunsa n'komwe, amangodikira ndituluke basi n'kupotokola okha kawilo kaja ka pa paipi kotsegulira ndi kutsekera madzi, pobwera ndimapeza lita yomwe imayenera kuyenda maola 8 yatha ngati madzi a pampopi, agogo ali tsonga pabedi akupuma mwa phuma. Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri ndithu kuno ku Thyolo ndipo sindikuimbani mlandu, palibe amene amakhala nanu pansi n'kukufotokozerani kuti madziwo akalowa mumtsempha amapita kuti. Ndiye tiyeni tiyambire pamenepo.

Tengani bambo wolemera makilo 60, wothyola tiyi wamba. M'thupi mwake muli madzi pafupifupi malita 36, kutsala pang'ono kudzaza zigubu ziwiri zija za malita 20. Koma madziwo sali malo amodzi ayi. Malita 24 ali m'kati mwa maselo, malita 9 ali m'mipata ya pakati pa maselo, ndiye amene ali m'mitsempha ya magazi ndi malita atatu okha, ameneyo ndiye msuzi womwe maselo ofiira a magazi amasambiramo. Ine ndimakonda kuyerekeza ndi dimba lothirira. Ngalande ndiyo mitsempha, dothi ndi mipata ija, mbewu ndiwo maselo. Makina oyezera BP amangoona za m'ngalande basi, za m'dothi ndi za m'mbewu alibe nazo ntchito.

Chomwe chimalamula kuti madzi akhale mbali iti ndi mchere. Munathirapo mchere pa nkhaka kapena pa kabichi wodula n'kusiya kanthawi, mumapeza m'mbale muli madzi eti? Madzi amalondola mchere. Thupi limasunga mchere wa sodium kunja kwa maselo, silimaulola kuti udzadze m'kati, ndiye madzi obwera ndi mcherewo nawonso amatsala kunja komweko.

Tsono choyamba kuchita mukafika pabedi, werengani botolo. Likalembedwa kuti Normal Saline kapena Sodium Chloride 0.9%, amenewo ndi madzi a mchere, magalamu 9 pa lita. Likalembedwa Ringer's Lactate, ena amati Hartmann's, ndi a mchere omwenso koma awonjezeramo potassium, calcium ndi lactate kuti afananeko ndi madzi a m'magazi. Awiriwa salowa m'mbewu, amagawikana pakati pa ngalande ndi dothi, ndipo pakapita kanthawi pa lita yonse ija chotsala m'mitsempha chimakhala ngati kapu imodzi ya tiyi, mamililita 250 kapena kuposerako pang'ono, enawo adutsa m'makoma a timitsempha alowa m'mipata. N'chifukwa chake mumaona BP yakwerako bwino, patapita maola awiri yatsikanso, nesi akupachika lina. Sikuti loyamba linali lachabe, madzi angosamuka.

Likalembedwa Dextrose 5% ndi lija anthu amati la shuga, lija gadiyani aliyense amalifuna poganiza kuti ndilo la mphamvu. Muli shuga magalamu 50, masupuni ang'onoang'ono ngati 12, mchere mulibe. Thupi likangotentha shugayo amatsala ndi madzi okhaokha ndipo amenewa amalowa paliponse mpaka m'maselo momwe, moti pa lita yonse chotsala m'mitsempha ndi ngati masupuni akuluakulu asanu kapena asanu ndi imodzi. Ndiye munthu BP yagwa chifukwa chotsegula m'mimba, kumupatsa la shugali kuli ngati kuthira ndowa imodzi m'dimba lonse n'kumadabwa kuti ngalande sikudzadza. Lili ndi ntchito yake, monga shuga wa m'magazi akatsika kapena kusungunuliramo mankhwala ena, koma si chakudya. Mphamvu yake ndi makalori ngati 200 pomwe munthu wamkulu amafuna cha m'ma 2,000 pa tsiku. Phala lija musasiye kuphika kukhitchini ya magadiyani poti "ali pa diripi."

Nanga BP imakwera bwanji ndi madziwa? Mtima ndi pampu, umatulutsa zomwe walandira. Madzi a m'mitsempha akachepa, wobwerera kumtima amachepa, ndiye mtima umayamba kugunda mothamanga kuti ukwaniritse, mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo imafinyika kuti magazi otsalawo apite ku ubongo, impso nazo zimagwira mkodzo. N'chifukwa chake munthu wotere mumamupeza manja ali zii, mtima uli gugugu, sakukodza, maso alowa, khungu la pamimba mukalitsina likuchedwa kubwerera, kwa khanda liwombo lalowa. BP imagwa pomalizira, makamaka kwa achinyamata ndi ana thupi limalimbana mpaka mochedwa, moti nambala yapamwamba ija ikamafika pansi pa 90 kwa wamkulu zinthu zinayamba kale kuipa. Diripi ikadzadza ngalande mtima umalandira okwanira, umachepetsa liwiro, manja amafunda, mkodzo umayamba kubwera. Zimenezi inu mungathe kuziona popanda makina.

Liwiro la diripi silifanana kwa odwala onse, ndipo mkangano wanga ndi magadiyani umayambira apa. Mukukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023 yomwe inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, mkati mwake n'kubweranso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 kugumula zimbudzi ndi mijigo ku Mulanje, ku Phalombe ndi kuno komwe. Wa kolera wouma kwambiri timamupatsa Ringer's mamililita 100 pa kilo iliyonse, ndiye bambo wathu wa makilo 60 uja ndi malita 6 m'maola atatu, malita pafupifupi awiri oyambirira m'theka la ola, kawilo kotsegula konse, pena manja onse awiri. Munthu wabwera ataneneka kale kumudzi, pofika madzulo akupempha phala. Diripi yomweyi inayamba ndi kolera, dokotala wina Thomas Latta ku Leith ku Scotland ndiye anathira madzi a mchere mumtsempha wa odwala mu 1832. Vuto ndi loti amene anaona diripi zothamanga za kolera zija amaganiza kuti diripi yabwino ndi yothamanga. Koma wa kolera uja anataya madziwo, tikungobweza. Bedi loyandikana pali agogo a mtima wotupa kapena bambo amene impso zake zinafooka, kwa iwowa lita imodzi yothamanga sipeza kolowera, imatuluka m'mitsempha n'kukadzadza m'mapapo, munthu n'kumamira ali pabedi pouma.

Kwa ana ndiye samalani kawiri. Mu 2011 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa FEAST yemwe anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana opitirira 3,000 odwala kwambiri ndi malungo komanso matenda ena otentha thupi, osati otsegula m'mimba. Ana omwe anapatsidwa madzi ambiri mwachangu anamwalira ochulukirapo kuposa omwe anapatsidwa pang'onopang'ono, madokotala eni ake anadabwa. Mwana wonyentchera, uja wotupa mapazi ndi tsitsi lofiirira, mtima wake ndi wofooka, kawirikawiri timayesetsa kumumwetsa osati kumuika diripi. Mukaona mwana wanu akulandira tidontho tochedwa kudzera m'kachubu kokhala ndi manambala, si kuti a nesi akuumira madzi.

Ndiye chitani chonchi. Funsani, "a nesi, botololi likuyenera kutha maola angati?" Musaope, ndi funso labwino kuposa lija loti atuluka liti. Mapaipi ambiri a akuluakulu madontho 20 amapanga mililita imodzi, zimalembedwa pa pepala lake. Lita imodzi ndiye madontho 20,000, mukagawa ndi mphindi 480 za maola 8 mupeza madontho 42 pa mphindi. Tengani foni, werengani madontho akugwa m'kagalasi kaja ka pansi pa botolo kwa masekondi 15, akhale 10 kapena 11. Ngati anati maola 12 akhale 7. Akasiyana kwambiri, kaya achuluka kaya aima, itanani, kawilo musakakhudze. Ena amalemba nthawi yomwe botolo lapachikidwa pa pulasitala, ngati sanalembe lembani inu m'foni, zimatithandiza kwambiri posinthana shifiti poti usiku nesi amakhala mmodzi kapena awiri wodi yonse.

Diripi ikaima yokha musanaitane onani tinthu tating'ono. Mwina wodwala wapinda chigongono, mwina wagonera paipi, mwina chitenje chomwe mwamufunditsa chaikoka n'kuipinda. Wongolani dzanja muone ngati iyambenso. Zoifinya paipi kapena kuikhoma ndi chala kuti magazi oundana alowe, ayi. Yang'anani pomwe pali kanula. Singano ija tinaichotsa kale, chotsala mumtsempha ndi kapulasitiki kofewa, ndiye dzanja angathe kulisuntha bwinobwino. Koma pakatupa, pakuzizira ndipo pakuwawa, ndiye kuti kanula yatuluka mumtsempha madzi akungolowa pansi pa khungu. Pakafiira n'kumatentha ndiye mtsempha wakwiya. Zonse ziwiri n'zofunika kuchotsa n'kuika pena. Pomusambitsa pulasitalayo isanyowe.

Popita kuchimbudzi botolo linyamuleni m'mwamba kuposa phewa lake, dzanja la kanula likhale pansi. Mukalitsitsa mudzaona magazi akukwera m'paipi, ndipo apa ndi pomwe ena amakuwa kuti diripi ikupopa magazi kkkk. Sikupopa, madzi amayenda kuchokera pamwamba kupita pansi ngati a mapaipi ochokera m'phiri la Mulanje aja, mukatsitsa thanki mphamvu ya mumtsempha imapambana basi. Kwezani, abwerera okha. Zimachitikanso botolo likatha, nde muziitana likatsala pang'ono osati litauma, chifukwa magazi akaundana mu kanula wodwala wanu abayidwanso. Za mpweya zija, tithovu ting'onoting'ono ta m'paipi sitipha munthu, koma mukaona mpweya wautali m'paipi monse nenani.

Ntchito yomwe magadiyani ambiri amanyansidwa nayo koma ndiyo yofunika kwambiri ndi ya mkodzo. Ife timadziwa zomwe talowetsa, zotuluka amadziwa ndi inu. Wamkulu wa makilo 60 azitulutsa osachepera mamililita 30 pa ola, tinene kuti mabotolo awiri a Fanta ndi kakang'ono pa tsiku lonse. Dulani botolo lapulasitiki lomwe mukudziwa kukula kwake muziyezera, ngati ali ndi paipi ya mkodzo musataye thumba musanatiuze nambala. Lembaninso kuti wasanza kangati, watsegula kangati. Munthu walandira malita atatu koma kuyambira m'mawa sanakodze, imeneyo ndi nkhani yoti adokotala aimve pa raundi ngakhale asanakufunseni.

Zizindikiro zoti madzi achuluka ndi izi, ndipo izi musadikire kuche: akupuma mothamanga, wayamba kakhosomolo komwe kanalibe, akukana kugona chagada akufuna kukhala tsonga, zikope zatupa, mitsempha ya m'khosi yaima, pena akutulutsa thovu. Mukhazikeni tsonga, miyendo ilendewere pansi, thamangani mukaitane, ngati tatseka chitseko gogodani mwamphamvu. Kutupa mapazi kokha pakatha masiku angapo a diripi ndi madzi aja analowa m'dothi, kumaphwa impso zikamagwira bwino, komabe tiuzeni.

Musabise matenda akale. Ngati mayi amamwa mankhwala a BP, a mtima, a shuga, kapena ndi woyembekezera ndipo anamuuzapo kusikelo kuti BP yakwera, nenani asanapachike botolo ndipo kabuku kakuchipatala kakhale pafupi. Lita imodzi ya Normal Saline ili ndi mchere magalamu 9 pomwe bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye taganizani wa BP uja amene mumamuphikira ndiwo zopanda mchere kunyumba n'kukamugulira mabotolo awiri kwa anthu oyendayenda m'midzi aja poti "akumva kufooka." Kufooka kuli ndi zifukwa zambiri, kuchepa magazi, malungo, shuga, TB, ndipo madzi a mchere sachiza ngakhale chimodzi mwa izi.

Za magazi ndinenepo pang'ono. Mayi wataya magazi pobereka, kapena mnyamata wagwa pa kabaza mumsewu wa ku Muloza, timathamangira kupachika Ringer's kuti BP igwire, zoona. Koma madziwo sanyamula mpweya, amangosukuluza magazi otsalawo, ngati kuwonjezera madzi mu ndiwo alendo akachuluka. Ndi zogulira nthawi kuti kotuluka magazi kutsekedwe ndipo magazi enieni apezeke. Tikakuuzani kuti akufunika magazi musati "si mwamupatsa kale mabotolo anayi."

Wodwala akangoyamba kumeza osasanza, yambani kumumwetsa diripi ili chiyendere, pokhapokha ngati takuuzani kuti asadye asamwe chifukwa akupita ku fiyeta kapena ali ndi vuto la m'mimba. Thanzi ORS paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, pang'onopang'ono ndi kapu kapena supuni, akasanza dikirani mphindi 10 muyambirenso. Zotsala zikagona tsiku lathunthu tayani mupange zina. Ndipo inu a kutali ngati ku Thekerani kapena Sandama, munthu akayamba kutsegula kwambiri mpangireni ORS yo musananyamuke azimwa m'njira monse, chifukwa wofika mitsempha itaphwa timavutika kupeza poika kanula, tabaya apa tabaya apo nthawi ikupita.

Tsiku lochotsa, dinani pabalapo ndi thonje mphindi ziwiri kapena zitatu osapinda dzanja, osathira mankhwala achikuda kapena mafuta. Kunyumba muzipaona kwa masiku awiri atatu, pakafiira n'kumatentha kapena mzere wofiira ukamakwera m'dzanja ndipo thupi latentha, bwererani naye ndi kabuku komweko.