Momwe mungawerengere ma odds a tenisi musanaike ndalama

Ligi za mpira wa ku Ulaya zikapuma mu June ndi July, anyamata ambiri m'mashopu obetchera ku Kamwala ndi ku Matero amatembenukira ku tenisi. Amati ndi yosavuta poti kulibe draw, wina awina wina aluza. N'zoona, koma nambala imene ili pambali pa dzina la wosewera, imene amati odds, ambiri amaiwerenga ngati lonjezo, pamene iyo ikungonena za mwayi.

Yambani ndi nambalayo. Tinene kuti wosewera wina ali pa 1.40, mnzake pa 2.90. Mukaika K50 pa woyambayo n'kuwina, mulandira K70, phindu lanu ndi K20 basi. Pa wachiwiriyo mulandira K145. Tsopano tsegulani calculator ya pafoni, mugawe 100 ndi nambala iliyonse. Woyamba akupatsani 71.4, wachiwiri 34.5. Umenewo ndi mwayi wopambana pa 100 alionse, monga kampani ikuonera. Mukaphatikiza mupeza pafupifupi 106, osati 100. Kapamwambako ndi chakudya cha kampani, ndipo imadya kaya awine ndani. Choncho funso lanu lisakhale lakuti awina ndani, koma lakuti kodi mwayi wake ukuposadi umene nambala ikunena?

Kenako onani bwalo, pakuti apa ndi pamene ambiri amagwa. Roland Garros ku Paris amasewera pa dothi, mpira umachedwa ndipo umadumpha kwambiri. Wimbledon ku London ndi pa kapinga, mpira umathamanga motsika, ndipo wa serve yamphamvu amasangalala. Australian Open ndi US Open ndi pa bwalo lolimba. Rafael Nadal anatenga Roland Garros ka 14, koma Wimbledon kawiri kokha. Munthu yemweyo, dzanja lomwelo. Ndiye musamangodalira ranking ya ATP (ya amuna) kapena WTA (ya akazi), yomwe ndi mndandanda wa osewera malinga ndi mmene akuchitira, fufuzani mmene wachitira pa bwalo la mtundu umenewo, komanso ngati masewera ake apitawa anatha maola anayi ndipo watopa.

Pa Grand Slam, kutanthauza mipikisano ikuluikulu inayi tatchulayi, amuna amafunika kuwina maseti (zigawo za masewera) atatu mwa asanu, akazi awiri mwa atatu. Masewera akatalika, wamphamvu amakhala ndi mpata wobwerera ngakhale atayamba moipa.

Musanadine, werengani lamulo la wosewera akavulala n'kusiyira panjira. Makampani ena amabweza ndalama, ena amawerengera tiketi ngati seti yoyamba inatha. Nthawi muionenso: pa Roland Garros wotchi ya Paris imafanana ndi ya Lusaka, koma Melbourne, kumene kumachitikira Australian Open mu January, ili patsogolo ndi maola 9, moti masewera ambiri amayamba ife tili m'tulo.

Chimene ndikupemphani kwambiri ndi cha multibet, kuphatikiza masewera angapo pa tiketi imodzi. Ndinaonapo mnyamata wogulitsa ma charger pafupi ndi Soweto Market atagwira tiketi ya masewera asanu ndi limodzi, onse pa 1.20, akuti awa sangaluze. Zala zake zinkanjenjemera pofufuza zotsatira, ndipo wachisanu anagwa. Tiwerengere limodzi: 1.20 ndi mwayi wa 83 pa 100, koma kuti onse asanu ndi mmodzi awine pamodzi, mwayi umatsika kufika pa 33. Mwa matiketi atatu otere, awiri amapsa. Ngati mwasankha kubetcha, tengani masewera amodzi amene mwawafufuza bwino.

Za ndalama, patulani kochepa kamene mungakataye osalira, pamwezi, mutagula kale unga, makala ndi kulipira lendi. Airtel Money ndi MTN MoMo zapangitsa kuika ndalama kukhala kwa kamphindi, ndiye ndalama ya panyumba isakhale mu nambala imene mumabetchera. Yopatulayo ikatha, musakongole kuti mubweze zotayika, dikirani mwezi wina. Ndipo foni imene ili ndi akaunti yobetchera musamasiyire mwana wosakwana zaka 18.