Wabweranso mtsikana, nde timutcha ndani?

Pa mwana woyamba dzina silivuta kwenikweni, ambirife timakhala kuti tinalisunga kalekale, ena kuyambira tili pasukulu tikulilemba kuchikuto kwa kope. Koma akabwera wachiwiri nkukhalanso mtsikana apa nde mutu umaima, chifukwa dzina lija munkalikonda linapita kale ndi wachisamba, atsala ndi aja munawakana ulendo woyamba. Ine zinandipeza zimenezi, sikani itaonetsa kuti ndi mtsikananso tinakhala masabata angapo tikungoti "mwanayu, mwanayu" ngati munthu wopanda kwawo.

Choyamba pepala lakale lija la maina amene munkasankhapo pa mwana woyamba, ngati mukadali nalo, litengeni koma musangotola dzina limene linali nambala 2. Dzifunseni kuti kodi tinalisiyiranji nthawi ija. Ngati munalisiya chifukwa choti lina lija linangoposa pang'ono palibe vuto, litengeni. Koma ngati mmodzi wa inu ankalinyinyirika, mwina limamukumbutsa munthu wina amene anayambana naye, dziwani kuti sanasinthe maganizo, wangotopa ndi kukambirana basi.

Msampha waukulu pa mwana wachiwiri ndi wofuna kuti dzina lake lifanane ndi la mkulu wake. Zimakoma mukamaganizira, Chikondi ndi Chisomo, Tadala ndi Takondwa, mpaka mumaona kale madiresi ofanana pa chithunzi. Koma tayesani kuima pakhomo muitane mokuwa ngati mmene mudzaitanire mwana akadzakhala kuseri kwa nyumba. Mwana amamva koyambirira kwa dzina, nde mukangoti "Chi..." onse awiri atembenuka, kapena onse awiri akhala chete aliyense akuti akuitana mnzangayu. Ndipo inu nomwe mukakwiya lilime lidzakupotokerani, mudzakalipira wosalakwa. Palinso za mapepala, onse awiri ndi C. Uje, pa kope, pa kabuku ka kuchipatala, pa botolo la mankhwala, ndipo ana opondana amadwalira limodzi kawirikawiri, usiku muli ndi tulo mutha kumwetsa wamng'ono mlingo wa wamkulu. Si malamulo ayi, mabanja ambiri ali ndi maina ofanana chiyambi ndipo akukhala bwinobwino, koma ine ndikanati chilembo choyamba chisiyane.

Aroma akale anafika nazo patali zimenezi. Mwana wamkazi ankangotenga dzina la banja la bambo ake, nde akabadwa wachiwiri ankangowasiyanitsa kuti wamkulu ndi wamng'ono. Mark Antony, mmodzi wa atsogoleri awo, anali ndi ana aakazi awiri mwa mkazi wake Octavia, onse Antonia, wina Antonia Maior wina Antonia Minor, moyo wonse munthu kumadziwika kuti ndiwe "wamng'ono uja". Zikumveka zakutali koma mukamutcha mwana dzina longotsatira la mkulu wake mwachita zomwezo. Mwanayu adzavala kale madiresi amene mkulu wake wasiya, nsapato zomwezo, mabuku omwewo, kusukulu aphunzitsi azidzati "iwe ndiwe mng'ono wake wa uje eti?", nde dzina lokha lino mulekereni likhale lakelake.

Ngati mukufunabe kuti maina awo agwirizane, agwirizanitseni pa tanthauzo osati pa kamvekedwe. Chitsanzo chimene ndimachikonda chili pa Yobu 42:14, mavuto onse aja atatha Yobu anabala ana aamuna 7 ndi aakazi atatu, ndipo chodabwitsa aamunawo sanatchulidwe maina, atchulidwa ndi atsikana okha: Yemima, Keziya ndi Kerenihapuki. Yemima ambiri amamasulira kuti nkhunda, Keziya, amene ndi wachiwiriyo, ndi mtengo wa makungwa onunkhira, wachitatuyo ndi kanyanga kosungiramo zopaka mmaso. Kumveka kwake nkosiyana kutalitali koma onse akukamba za kukongola. Mmaina athu zimatheka mosavuta, Mphatso ndi Tiyamike, Pemphero ndi Talandira, Chiyembekezo ndi Takondwa, ukawatchula motsatana akupanga nkhani koma aliyense akuima payekha.

Onetsetsaninso kuti kulemera kwa maina kukufanana. Ndikutanthauza kuti ngati wamkulu ali ndi maina awiri, lina la agogo ake lina la tanthauzo lozama lokhala ndi nkhani yake, wachiwiriyu asangopatsidwa limodzi limene munaliona pa TV usiku wopita kuchipatala. Ana amafunsa, zaka 6 kapena 7 zikakwana mudzamva "amayi, dzina langa linachokera kuti?" ndipo adzafunsa mkulu wake ali pomwepo akumvetsera. Mukhale ndi yankho loti mutha kulinena mosachita manyazi.

Tsopano nkhani imene anthu sakonda kuitchula. Mabanja ena mtsikana wachiwiri amafika pamene ankayembekezera mnyamata, olo makolo eni ake asadandaule pamakhala wachibale wina woti "aa, mkazinso?" Kukhumudwa kumeneko kusalowe mu dzina. Ku India, m'boma la Satara ku Maharashtra, mu 2011 atsikana 285 anachita kuwasintha maina pa mwambo wapadera chifukwa makolo awo anawatcha Nakusa kapena Nakushi, kutanthauza wosafunika, kaamba koti ankafuna mwana wamwamuna. Taganizani aphunzitsi akuitana maina mkalasi mmawa uliwonse iwe nkumayankha ku dzina lotero. Nafenso tili nawo maina olankhula, Mwandida, Ndaziona, Mavuto, amene nthawi zambiri uthenga wake umapita kwa munthu wina, kaya apongozi kaya mwamuna amene sanaoneke nthawi ya mimba. Mkanganowo udzatha, mwina chaka chomwecho mudzayamba kudyera limodzi, koma mwana adzalisenza dzinalo mpaka kuukalamba. Ngati muli ndi mawu ndi munthu kamuuzeni yekha. Ndipo ngati munakonzeratu dzina la mnyamata, maina athu ambiri monga Chisomo, Mphatso, Madalitso amakhala kwa onse, mutha kulisunga, bola musamadzamuuze mwana kuti "linali la mchimwene wako amene sanabwere".

Za achibale nde zilibe mankhwala, zimavuta olo kunyumba za mafumu. Mu 1930 makolo a Elizabeth, amene anadzakhala Mfumukazi ya ku Britain uja, atabereka mtsikana wachiwiri ankafuna kumutcha Ann Margaret, koma agogo ake aamuna, King George V, sanalikonde dzina la Ann, mapeto ake mwana anakhala Margaret Rose. Nde inu musadabwe apongozi akakwinya nkhope. Chimene chimathandiza ndi kugwirizana awirinu kaye musanauze wina aliyense, ndipo ngati wamkulu anatchedwa kuchokera kuchimuna, ulendo uno kuchikazi kulandireko, kapena mosemphanitsa. Dzina la agogo kapena la azakhali limakhala bwino pakati, ulemu waperekedwa koma loitanira tsiku ndi tsiku ndi limene mwasankha inu. Ine ndimaonanso kuti kulengeza dzina mwana asanabadwe nkudziputira, aliyense amakhala ndi ndemanga, wina akuti ndinaphunzira ndi wa dzina limenelo anali wakuba. Mwana akabadwa ali mmanja anthu omwewo amangoti lokongola.

Mkulu wakeyo musamuiwale, iyeyu ndi amene adzalitchule dzinali kuposa wina aliyense. Muuzeni atchule maina awiri kapena atatu amene mwatsala nawo mumve mmene akutulukira mkamwa mwake, chifukwa mmene mwana amalitchulira dzina nthawi zambiri ndi mmene limakhalira mnyumba. Elizabeth yemwe uja ali wamng'ono ankalephera kutchula dzina lake lomwe, mpamene panachokera Lilibet, ndipo abale ake anamuitana choncho mpaka kukula. Koma kumupatsa mpata sikuti asankhe yekha ayi, wa zaka zitatu adzakupatsani dzina la katuni kapena la chidole chake nkuyamba kulira mukakana. Mupatseni awiri amene onse inu mwawavomereza kale, aloze limodzi, akadzakula azidzanyadira kuti mng'ono wanga ndinamutcha ndine.

Chidule cha dzina chiganizireni pompano chifukwa chidzabwera mufune musafune. Thokozani amakhala Thoko, Madalitso amakhala Mada, Tiyamike amakhala Tiya, Mayamiko amakhala Maya. Mwana wachiwiri wa Barack ndi Michelle Obama, wobadwa mu 2001, dzina lake la pa mapepala ndi Natasha koma dziko lonse limamudziwa kuti Sasha, ambiri sadziwa nkomwe kuti pali Natasha. Nde ngati dzina mukulikonda koma chidule chake chikukunyansani, kapena chidulecho chikufanana ndi cha mkulu wake, ganizaninso.

Dzina lachilendo lifufuzeni tanthauzo, foni muli nayo, ndipo musadalire tsamba limodzi la pa intaneti chifukwa masamba ena a maina a ana dzina lililonse amangoti limatanthauza "mphatso" kapena "wokongola". Mara amamveka bwino koma mu Chiheberi ndi kuwawa, ndi lija Naomi anadzitcha atafedwa mwamuna ndi ana ake. Dolores mu Chisipanishi ndi zisoni, Cecilia amachokera ku mawu a Chilatini otanthauza wosaona. Sikuti ndi maina oipa, anthu ambirimbiri ali nawo ndipo akusangalala, koma musankhe mukudziwa, osati kudzamva kwa mwana yemwe ali kusekondale. Mukatero litchuleni pamodzi ndi dzina la bambo kangapo mofulumira mumve ngati sipakutuluka mawu ena oseketsa, ana a sukulu sachedwa kuzitola zimenezo. Muwapatsenso agogo alitchule, paja lilime lathu l ndi r sitisiyanitsa kwenikweni ndipo timakonda kuwonjezera i kumapeto, nde dzina limene inu mukulitchula mwachizungu likafika kwa agogo litha kutuluka lina. Ngati pabanja panu pali zilankhulo ziwiri liyeseni mu zonse ziwiri.

Mukatsala ndi awiri osatha kusankha, tengani limodzi muligwiritse ntchito masiku atatu, kumuitana mwana, kumuimbira, kulilemba, kenako linalo masiku atatu. Limene likukuvutani kutuluka mkamwa mudzalimva nokha. Ena amadikira kuti aone kaye nkhope ya mwana, palibe cholakwika, kuona maso a nkhono nkudekha, bola kudekhako kusapitirire nthawi yolembetsa. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, gawo 7, limati mwana alembetsedwe akangobadwa ndipo ali ndi ufulu wokhala ndi dzina kuyambira pa kubadwa. Masiku ake dziko lililonse lili ndi ake, ku England ndi Wales ndi masiku 42, ku Scotland ndi 21, nde funsani a nesi kapena ku ofesi yolembetsa kumene muliko kuti akupatsani masiku angati.

Pa tsiku lolembetsalo musangotchula pakamwa kuti wina alembe. Lembani nokha papepala mzilembo zikuluzikulu, mugwirizane kunyumba ngati ndi Thokozani wa h, Rute kapena Ruth, Ester kapena Esther, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa setifiketi yobadwira ndi ya sukulu mwana adzavutika nacho pa mayeso, ku banki ndi pa pasipoti, ndipo kukonzetsa pambuyo pake kumafuna mafomu ndi kuyendayenda. Maina asachulukenso, mizere iwiri ya pansi pa pasipoti imene makina amawerenga ija malo a dzina ndi zilembo 39 zokha kuphatikiza la bambo, opitirira pamenepo amadulidwa. Akakupatsani fomu kapena setifiketi iwerengeni muli pompo musanatuluke, chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa lomwe, olo mwana akulira kumsana ndipo a pambuyo panu pa mzere akung'ung'udza.