Mawu akuti zachteno pa chikalata cha magiredi cha ku Russia

Chikalata cha magiredi chimene ndinamasulira m'Chingerezi chinabwezedwa chifukwa cha liwu limodzi. Pamene panali zachteno ndinalemba credit, ndipo owerenga anaganiza kuti ndi giredi yapamwamba. Chonsecho zachteno amalemba munthu akakhoza zachyot, mayeso opanda giredi: wakhoza kapena walephera, basi. Ndinasintha n'kulemba pass. Otlichno, khorosho ndi udovletvoritelno ndinalemba excellent, good ndi satisfactory, ndipo m'munsi ndinafotokoza kuti ndi 5, 4 ndi 3.

Vuto lina linali maola. Ola la m'kalasi kumeneko kawirikawiri ndi mphindi 45, ndipo zachyotnaya yedinitsa imodzi, muyeso wa kuchuluka kwa ntchito ya phunziro, imakhala maola otere 36, pamodzi ndi nthawi yowerenga pawekha. Ukangolemba hours osafotokoza, owerenga amayesa ndi mphindi 60, chiwerengero n'kufufuma. Ndinalemba academic hours, ndipo credit ndinaisungira yedinitsa yokhayo.

Digiri ya spetsialist, ya zaka zosachepera zisanu, sindinaitche Master's ngakhale mwiniwake anapempha. Ndinalemba Specialist. Kunena kuti ikufanana ndi digiri iti ndi ntchito ya bungwe loona za maphunziro m'dziko lolandira chikalatacho, osati ya womasulira.