Kujambula doko la Kachulu ndi cholembera ndi penti wamadzi

Amene akuphunzira kumene kujambula ndi penti wosungunula ndi madzi sayenera kudikira ulendo wa ku Mangochi, pakuti kuno ku Zomba tili ndi nyanja ya Chilwa, ndipo padoko la Kachulu pali mabwato, njedza, asodzi komanso chilumba cha Chisi patsidya. Tengani pensulo, maburashi awiri, botolo la madzi oyera ndi pepala lochindikala la 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala), chifukwa pepala la m'kope limakwinyika likangonyowa. Cholembera chikhale cha inki yosasungunuka ndi madzi, ndipo muchiyese musanachoke pakhomo: lembani mzere, mudikire kuti uume, kenako mupakepo madzi. Inki ikayenderera, cholemberacho chisiyeni.

Fikani m'mawa dzuwa lisanakwere, pamene mithunzi ikadali yaitali, ndipo ngati mukufuna kujambula asodzi, yambani mwawapatsa moni ndi kuwapempha. Ndi pensulo, lembani mopepuka mzere pamene madzi akumana ndi thambo. Mzerewu ukhale wowongoka, pakuti madzi sapendekeka, komanso usadule pepala pakati penipeni. Ukwezeni ngati mtima wanu uli pa mabwato, muutsitse ngati uli pa mitambo. Mukatero ikani mapiri a pa Chisi ndi bwato limodzi kapena awiri, osati onse amene mukuwaona.

Cholembera chigwire ntchito kwambiri pa zinthu zapafupi, monga matabwa a bwato, ukonde wounjikidwa ndi dengu la matemba. Zakutali zimafuna mizere yopyapyala ndi yodukaduka, ndipo njedza musaijambule tsamba lililonse, pakuti timizere tochepa tokwera m'mwamba timakwanira.

Pa mtundu wa madzi ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa dzanja limathamangira buluu maso asanaone. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, yomwe inaphwa mu 1995, ndipo madzi ake ndi amatope, otuwa, nthawi zina ofiirira. Choncho sakanizani buluu pang'ono ndi bulawuni, muwonjeze madzi ambiri, ndipo muyese kaye m'mphepete mwa pepala. Madzi a m'nyanjamo musasungunulire penti, poti amadetsa mitundu.

Yambani ndi thambo. Nyowetsani mbali imeneyo ndi burashi yaikulu, mudonthezemo buluu wopepuka, mumusiye ayende yekha, ndipo pamene mukufuna mtambo mugunditsepo kansalu kouma. Thambo likauma, pakani madzi a nyanja mopingasa ndi burashi yofinyako, kusiya timipata toyera pamene dzuwa likunyezimira, popeza pa luso limeneli kuyera kumachokera ku pepala lenilenilo, ndipo mukakuphimba sikubwereranso. Penti ameneyu amazilala akauma, koma ndi bwino kuonjezera kachiwiri pamalo pouma kusiyana ndi kupukuta ponyowa mpaka pepala kunyuka. M'mwezi wa Okutobala penti amauma burashi isanafike kumapeto, motero sakanizani wokwanira musanayambe, ndipo mukhale pamthunzi.

Mitundu yakuda ibwere pomaliza. Pansi pa bwato lililonse ikani mthunzi woderapo, ndipo chithunzithunzi chake m'madzi muchidule ndi timizere topingasa kuti bwato lisaoneke ngati lalenjekeka m'malere. Zonse zikauma gwa, bwererani ndi cholembera pa chingwe chomangira bwato ndi pa mtengo wautali umene msodzi amakankhira bwatolo.